Kompyuta Yosalowa M'chikwama

Mwana wanga atalemba mayeso a folomu folo, mtima wanga sunakhalenso m'malo. Kuno ku Mzimba mnyamata akangomaliza sukulu, chotsatira ndi ulendo wa ku Joni. Ine kwathu ndi ku Dedza, kuno ndinabwera ndi ntchito ya unamwino, ndipo bambo ake anamwalira iye ali ku pulayimale. Ndi mmodzi yemweyo. Anzake onse amene ankandithera shuga m'nyumba anali atakwera kale magalimoto a matransipota, anthu aja otengera anzawo ku Joni. Wanga chinamuchedwetsa ndi chimodzi basi, masewera a pakompyuta. Ankaswera pa kashopu kena pa boma, n'kumabwera maso ali psuu.

Ndinati ngati chomugwira n'chimenecho, ndimugulire yakeyake, azisewerera pakhomo.

Kuseri kwa msika kunali bambo wina amene ankabweretsa makompyuta omangiratu, ongofika n'kulumikiza. Oyenera masewera analipo awiri. Ina inali laputopu yakuda, mabatani ake oyaka mofiira. Inayo inali chibokosi chokhala ndi galasi m'mbali, zam'kati zonse zikuonekera ngati mbale m'kabati.

Mwanayo mtima unagwera pa laputopu. Anandikumbutsa mmene magetsi amathimira kuno, kuti laputopu imapitiriza ndi batire pomwe bokosi limangozima masewera ali pakati. Ankanena zoona. Koma ine maso anga anali pena. Laputopuyo ndinaona kuti ikhoza kulowa bwinobwino m'chikwama chake cha kusukulu. Bokosi lija nditayesa kulinyamula, msana unandiuza kuti limeneli silingapite patali.

Wogulitsayo, ndi Chichewa chake chosakaniza ndi Chitumbuka, anati bokosilo n'labwino chomene, silitentha, ndipo chikawonongeka chimodzi umangosintha chomwecho. Anatsegula galasi n'kutilozera kachipangizo kokhala ndi timafani tiwiri. Anati ndi khadi lotulutsa zithunzi, mtima wa masewera onse, ndipo m'bokosi monsemo chodula kwambiri n'chimenecho. Mwana wanga anawerama n'kuliyang'anitsitsa, kufunsa mmene amalichotsera pofuna kupukuta fumbi. Ine ndinakondwera, poganiza kuti wayamba kulikonda bokosi.

Nditanena kuti titenga bokosi, mwanayo anandiyang'ana n'kufunsa motsitsa mawu, "Amayi, kodi mukugulira ine kapena mukudzigulira nokha?"

Ndinapsa mtima. Ndinamuuza pamaso pa wogulitsa kuti akadzayamba kugwira ntchito adzasankha yekha. Tinakweza bokosi pa kabaza wina, sikilini pa wina, ife wapansi m'mbuyo mpaka kunyumba.

Dzinja lonse anakhala pakhomo. Ndikamachokera ku ntchito ndinkamva phokoso la mfuti ndisanalowe mumpanda, mtima n'kukhala pansi. Magetsi akathima ankatuluka n'kukhala pakhonde, nkhope yake yokhayo inkandikumbutsa za batire. Amayi a kutchalitchi ankati ndikuwononga mwana. Ine pakamwa sindichedwa, ndinkawayankha kuti wanga ndikudziwa komwe ali, nanga awo? Sindinkadziwa kuti amene mwana wanga ankaseka nawo atavala zomvera m'makutu anali anzake omwe aja. Ankasewera limodzi pa intaneti, iwo ali ku Joni, akumuuza za kumeneko.

Tsiku lina masana ndinapeza nyumba ili zii. Pabedi poyala bwino, chikwama palibe, nsapato palibe. Koma bokosi linali pa tebulo pomwepo, ataliphimba ndi chitenje changa. Ndinadziuza kuti sangasiye chinthu chotere, wangopita kwa mnzake ku Embangweni. Patapita masiku angapo foni inalira, nambala yakunja.

"Amayi, ndafika bwino. Musalire."

Ndinalira, ndinamukalipira, ndinaliranso.

Komabe bokosi lija linkandilimbitsa mtima. Loweruka lililonse ndinkalipukuta, ndikudziuza kuti kukamuvuta kumeneko adzakumbuka zimene anasiya. Tsiku lina ndinalakalaka kungomva phokoso lake lija m'nyumba, ndiye ndinaliyatsa. Linalira pang'ono m'kati, koma pa sikilini panangoti bii. Ndinachita mantha kuti mwana adzapeza chinthu chake chitafa, choncho ndinathamanga kukaitana wogulitsa uja.

Bamboyo sanatsegule n'komwe. Anasuzumira pa galasi, n'kuyang'ana pansi.

"Amama, ndapota, musandikwiyire. Khadi lija mulibemo."

Anati mwanayo analibweretsa yekha kushopu, akunena kuti akufuna kugula lina lamphamvu, iye n'kuligula osakayika. Anadzamva pambuyo pake kuti ndalamazo zinapita kwa transipota.

Ndinakhala pabedi la mwana wanga. Zomukalipira bamboyo zinalipo zambiri, koma chimene chinatuluka pakamwa panga ndi funso lopusa. Ndinafunsa kuti mwanayo anachinyamula bwanji chinthucho mpaka kumsika popanda womuona.

Anati chinali m'thumba la m'kati la jekete.