Katonde wa M'galasi

Achimwene anga ndi ometa tsitsi, ndipo ali ndi zinthu ziwiri zimene amanyadira kuposa china chilichonse: ndevu ndi mbiri. Ndevuzo azisunga zaka khumi ndi zisanu. Zimatsika pachibwano n'kukasongoka pa batani lachiwiri la malaya, ndipo m'mawa amazipaka mafuta asanasukusule n'komwe m'maso. Mbiriyo ndi yakuti ali mnyamata panalibe wowaposa pa gemu ya Katonde, n'chifukwa chake makasitomala amawatchula kuti a Kadumpha. Ndevuzo n'zenizeni, mukapempha bwino mutha kuzigwira. Koma mbiriyo ndi bodza lamkunkhuniza, ndipo ine mlongo wawo ndakhala ndikuwasungira.

Kwa inu obadwa dzulo, Katonde inali gemu ya pa TV. Dzina lake lenileni linali lalitali, lopinda lilime, ndiye tinangoitchula dzina la mwini wake: katonde ka ndevu zosongoka kothamanga pamadenga a nyumba, kakudumpha mipata, kutola makiyi ndi kuthawa amphaka. Ukaphonya denga, wagwa. Ukagwa katatu, umapereka padi, kachipangizo ka mabatani kaja, kwa mnzako, n'kuyamba kumupempherera zoipa.

Ababa, amene panthawiyo anali eni shopu yometerayo, anagula gemuyo kuti ana a makasitomala asamalire podikira kumetedwa. TV inkakhala pashelefu, kukhoma lakumbuyo kwa shopu. Kukhoma linalo kunali galasi lalikulu lometera, lomwe lilipo mpaka lero, lopendekeka pang'ono chifukwa cha kachikatoni kopinda kamene kanalowetsedwa kuseri kwake. Makasitomala akadandaula kuti akudziona khutu limodzi lokha, Ababa ankati khomalo ndi limene linamangidwa mokhota.

Tsono amayi, mzimu wawo uuse mumtendere, anali atagamula kale kuti mwana wawo woyamba adzakhala dokotala. Lamulo lawo linali limodzi: mnyamatayu asatembenukire ku TV. Akaweruka kusukulu, achimwene ankakhazikidwa pakatebulo kamunsi mwa galasi, msana kuloza ku TV, buku la masamu patsogolo. Ine, chitsirizira, palibe amene anali ndi mapulani pa moyo wanga, choncho ndinkasewera mpaka zala kuchita matuza.

Achimwene sanaphwanyepo lamulo. Khosi lawo silinatembenukepo. Ankangokweza maso pang'ono, n'kupeza TV yonse ili m'galasi. Zaka zinayi anaonera motero, ndipo analoweza denga lililonse, mphaka aliyense. Ine ndikamasewera, nthawi yodumpha ikakwana, ankatsokomola kamodzi. Ndikamva chifuwacho ndinkadina batani, ndipo ndinkafika kutali kumene anyamata akuluakulu sankafikako. Amayi anawamwetsa mankhwala a chifuwa mabotolo osawerengeka. Aphunzitsi nawo anadandaulapo kuti mwanayu wayamba kulemba manambala chotembenuza, 3 kuyang'ana kumene sayenera kuyang'ana, koma palibe anafunsa kumene ankawaona manambala otero.

Udokotala unakanika, monga mwaonera kale. Ababa maso atayamba kuchita chidima, achimwene anatenga mashini ometera n'kuima pamalo pawo. Anzathu onse a nthawi imeneyo anabalalika, mboni zinatha, ndipo nkhani inayamba kunenepa. Poyamba ankati, "Gemu imeneyo ndinkaidziwa." Kenako, "Ndinkaisewera." Patapita zaka, anali atayamba kuimaliza ndi dzanja limodzi, lina atagwira chikho cha tiyi. Ine ndinkangokhala chete. Mwina chinali chisoni, chifukwa ndimawakonda, komanso ndisaname, zinkandikomera kumva kumene bodzalo lafika sabata imeneyo.

Mwezi wathawu kampani ija inatulutsanso Katonde, yokonzedwa mwatsopano. Amene anaigula ndi Atelala, mayi wosoka zovala pakhomo loyandikana ndi shopu, wa msinkhu wa achimwene, wa pakamwa pakuthwa kuposa sizasi yake. Iye anakulira kwina, ndipo ankati nayenso anaisewera mpaka kukwapulidwa. Loweruka masana anabwera nayo kushopu, poti TV ya achimwene ndi yaikulu. Ine ndinali pomwepo. Ababa anali pabenchi pawo pa masiku onse, nyuzipepala pamaondo, akuwodzera.

Gemu itangoyaka, shopu yonse inasanduka bwalo la milandu. Katonde wathu uja, amene anali timabokosi ngati njerwa zosanjikiza, tsopano anali ndi ubweya woti ungawerenge, nsidze zazitali, ndi kansalu m'khosi.

"Amudzoza mafuta ngati akupita kokafunsira," anatero kasitomala wina, mutu uli wometedwa theka.

"Nyimbo yake bwanji?" anatero mnzake. "Ija inkangoti tii-tii-tii, koma inkalowa m'mutu mpaka m'kalasi. Iyi ndi ya pamaliro a munthu wolemera."

"Inu mukungolira ubwana wanu," anatero Atelala. "Yakale ija inali yonyansa, tinkangoikonda chifukwa kunalibe ina. Taonani madengawa, mpaka dzimbiri likuoneka!"

Achimwene anali asanalankhule. Anazimitsa mashini, anasisita ndevu, anthu n'kudikira chigamulo cha katswiri. Atelala anadina batani, Katonde n'kuyamba kuthamanga.

"Aa! Aiwononga," anatero achimwene. "Ubweyawo ndi nkhani ina. Koma aitembenuza! Katonde amathamangira kumanzere. Uyu akupita kuti kumanjaku?"

Ndinatsokomola. Ndinatsokomolanso mwamphamvu. Munthu amene anandiphunzitsa chinenero cha chifuwa sanandimve. Ndikukhulupirira kuti sankanama pamenepo. Anali atanena bodza lija nthawi zambiri mwakuti galasi linafufutika m'mutu mwawo, n'kutsala Katonde yekha akuthamangira kumanzere.

"Kumanzere?" anafunsa Atelala mokoma, ngati akufunsa muyeso wa m'chiuno. "A Kadumpha, mwati kumanzere?"

"Ndati kumanzere. Ndaimaliza kangati ine gemu imeneyi? Ngati yakale inkapita kumanja, ndevu izi mumete nokha, ndi mashini angawa."

Zimene achimwene sankadziwa n'zakuti okonza gemuyo anaganizira anthu okonda kudandaula ngati ife. Anaikamo batani lobwezeretsa maonekedwe akale. Atelala analidina. Ubweya unachoka, njerwa zija zinabwerera, nyimbo inati tii-tii-tii, ndipo anthu akuluakulu a ndevu zawo anafuula ngati aona mnzawo amene anamwalira. Katonde wakale, weniweni, anagwedeza kamchira kake n'kuthamangira kumanja.

Achimwene anagwira ndevu ndi manja onse awiri.

Atelala anatenga mashini, anawapukuta bwinobwino ndi kabulashi, n'kuwayatsa kuti amve kulira kwake. "Ine si munthu woipa," anatero. "Munthu amaiwala. Nayi padi. Mungomaliza gawo loyamba lokha, la ana. Muli ndi miyoyo itatu. Mukamaliza, ndevu n'zanu. Mukalephera, mwana wa mchemwali wanga akufuna pilo."

Anawakhazika pampando wometera, n'kuuzungulitsa kuti uyang'ane ku TV. Anthu odutsa anayamba kusuzumira pakhomo. Achimwene analandira padi ngati alandira khanda la eni, osadziwa pogwira. Anali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, ndipo aka kanali koyamba kuigwira. Ine ndekha ndi amene ndinkadziwa, ndipo kuseka konse kunandithera.

Moyo woyamba sunachedwe. Chala chawo chinadina kumanzere, kumene mtima unkawauza, ndipo Katonde anabwerera chambuyo n'kugwa padenga loyamba lenilenilo, pamene ngakhale mwana wa zaka zitatu sagwerapo. Shopu inaphulika.

"Ndikuyesa mabatani," anatero achimwene.

Moyo wachiwiri anapita kumanja ndithu, koma ngati munthu woyenda m'nyumba ya eni magetsi atazima. Anadumpha pamene panalibe mpata. Anaima pamene panafunika kuthamanga. Mphaka woyamba anangobwera n'kumukankha Katonde mwaulemu. Atelala anayamba kuwakulunga nsalu yometera m'khosi, akuimba kanyimbo ka gemuyo.

Apa ndinalephera kupirira. Ndinapita n'kugwira mpando uja, n'kuuzungulitsa. Msana unaloza ku TV, nkhope kugalasi.

"Chinyengo chanji chimenechi?" anafunsa Atelala.

Achimwene anali akuyang'ana m'galasi, momwe Katonde wa njerwa anaima pa denga loyamba, nkhope kuloza kumanzere, monga anamusiyira ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anali atakumbukira.

"Mayi," anatero motsitsa, "ine gemu iyi sindinaigwirepo. Ndinkakhala apa, pakatebulo. Ndinkaonera umu."

Kasitomala wa mutu watheka uja anafuna kuseka, koma anaona kuti ali yekha, n'kusiya. Atelala anazimitsa mashini. Koma mayi ameneyu chifundo chake chili ndi malire. "Mwatsala ndi moyo umodzi," anatero.

Tsono pali chinthu chimene ometa amadziwa chimene ife sitidziwa. Munthu amene wagwira ntchito m'galasi zaka makumi awiri, dzanja lake silisokonezeka likapita kumanja pamene maso akuona kumanzere. Achimwene anadina, Katonde n'kunyamuka. Mpata woyamba, anadumpha. Wachiwiri, anadumpha. Anaima kuseri kwa chumuni kudikira mphaka amene anali asanaoneke n'komwe, mphakayo anabweradi n'kudutsa. Anatola kiyi wobisika pansi pa thanki ya madzi, amene Atelala anavomera pambuyo pake kuti sankamudziwa. Sikuti ankasewera mokongola, ayi. Ankagwedezeka thupi lonse, mwendo ukuponda m'mwamba pa kudumpha kulikonse, lilime lili panja. Koma njira ankaidziwa ngati ya kuchimbudzi kwawo.

Kumapeto kwa gawolo kuli mpata waukulu, umene unatiliza tonse tili ana. Umafunika kuthamanga osaima, n'kudumpha phazi lili kale m'mphepete penipeni. Ukafulumira pang'ono, wagwa. Achimwene anaimitsa Katonde patali. Thukuta linkatsikira m'ndevu. Nthawi ya pa TV inali ikutha.

"Pitanitu, achimwene," ndinatero.

Anathamanga. Ndinaona chala chawo chikufuna kudina msanga, ndipo ndinatsegula pakamwa kuti nditsokomole pa nthawi yake, ndibweze zimene ankandichitira. Koma ine nthawiyo sindinaidziwepo, ndinkangomvera iwo.

Chifuwa chinachokera pabenchi. Kamodzi, chouma, pa nthawi yake yeniyeni.

Chala chinadina chokha. Katonde anauluka, ndevu zake zili m'mwamba, n'kutera tsidya linalo ndi ziboda ziwiri zokha. Nyimbo yopambana inalira, anthu a pakhomo anakuwa, kasitomala wa mutu watheka anakumbatira munthu amene sankamudziwa. Atelala anaponya nsalu yometera pansi n'kunena kuti pilo akagula kusitolo.

Achimwene sanasangalale nawo. Maso awo anali adakali m'galasi, koma sankayang'ananso TV. Ankayang'ana pabenchi, pamene Ababa, amene tonse tinkati akugona, ankapinda nyuzipepala yawo mosafulumira.

"Ababa," anatero achimwene, "munkadziwa?"

"Iwe, ine ndinkameta anthu ndikuyang'ana kuti? Si galasi lomwelo?" Ababa anaika nyuzipepala pambali. "Amako anati usatembenuke. Za galasi sananenepo. Ukuganiza kuti kachikatoni kali kuseriko kanadzilowetsa kokha?"

Tonse tinayang'ana kachikatoni kaja, kakuda ndi fumbi la zaka makumi atatu, kamene kanachititsa makasitomala ambirimbiri kudziona khutu limodzi. Ine ndinafuna kuseka, koma misozi inandipitirira.

Achimwene anakhalabe chomwecho, padi ili pamiyendo, msana kuloza ku TV, mutu utawerama pang'ono ngati pali buku patsogolo pawo. Ababa anadzuka pang'onopang'ono, akugwira khoma, n'kufika pampandopo. Anagwira chotsamira ndi manja awo okalamba aja, n'kuuzungulitsa okha.

"Homuweki inatha kalekale," anatero. "Tembenuka, usewere."