Filiji Pamalo pa Seva Yachiwiri

Nditamaliza maphunziro a makompyuta m'tauni, ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kwathu komwe, pa Namitete. Anandilemba ndi bambo ena achikulire, Msilamu wofatsa, amene anali ndi masitolo ogulitsa feteleza, mbewu ndi malata pa Namitete, ku Nsaru ndi ku Kabudula. Masitolo onsewa ankadalira kompyuta imodzi yaikulu, seva, yomwe inkasunga mitengo ndi kuchuluka kwa katundu. Ikazima, ogulitsa konseko ankangokhala manja lende.

Ndinawapempha bambowo kuti agule seva yachiwiri. Ndinazilumikiza kuti chilichonse cholowa mu imodzi chizilowanso mu inzake, ndipo yoyamba ikafa, yachiwiri izipitiriza ntchito yokha osadikira munthu. Iwo anavomera. Amene sanavomere ndi mwana wawo woyamba, yemwe ankayang'anira sitolo ya pa Namitete.

Munthu ameneyu anandida kuyambira tsiku loyamba, ndipo inenso sindinachedwe kumuda. Dzina langa sankalitchula. Ankangoti "mtsikana wa mawayayu," ngakhale ndili pomwepo. Ndikalowa m'kachipinda ka makina, ankaima pakhomo akudya nzimbe, makoko n'kumataya pomwe ndasesa.

"Kodi chachiwirichi chimagwira ntchito yanji?" anandifunsa tsiku lina.

"Chimadikira, achimwene. Chinzakecho chikafa, icho chimatenga malo."

"Ndiye tizilipirira magetsi chinthu chongokhala, eti? Mwawapusitsa madalawa poti ndi okalamba."

Ndinangotseka chitseko mwamphamvu, iye n'kuseka.

Dzinja litayamba ndinapita ku Kabudula kukakonza kompyuta ya wogulitsa wa kumeneko, ndipo matope anandisunga masiku angapo. Ndili m'minibasi pobwerera, foni inayamba kulira. Ku Nsaru makompyuta sakuonetsa kanthu, ku Kabudula chimodzimodzi. Anati magetsi anathima pa Namitete, n'kubwerera mwamphamvu. Sindinamvetse, chifukwa seva yachiwiri inali ndi soketi yake yotetezedwa ndipo inayenera kupitiriza.

Ndinapeza alimi atadzaza khonde la sitolo, ena ndi ngolo, ena ndi njinga, onse atanyowa, akufuna feteleza wobereketsa. Ndinathamangira m'kachipinda muja. Seva yoyamba inkanunkha mawaya opsa. Pamalo pa yachiwiri panali filiji ya zakumwa, ikulira bwinobwino pa soketi yotetezedwa ija. Seva yakeyo ndinakaipeza kuseri, pansi, pomwe denga limadontha.

Nditatuluka, mwana wa abwana uja anandiloza alimi akuona.

"Funsani uyu. Makina ake ndi amene akukuchedwetsani."

Anthu anayamba kung'ung'udza. Mayi wina wa kumpingo kwathu, amene anandiona ndikukula, anati, "Iwe mwana wa aphunzitsi, sukulu yonse ija unaphunzira kuti udzatizunze ife?"

Mawu amenewo ndi amene anandipsetsa mtima. Ndinatembenukira kwa mnyamatayo.

"Mwazula seva ndinu, achimwene, kuti muziziritse zakumwa. Auzeni anthuwa zoona."

"Sitolo ya bambo anga, ndizipempha kwa iwe?" iye anatero. "Ndiwe wantchito chabe. Mawa lomwe uchoka."

Bambo ake anafika chakumadzulo alimi atabalalika. Anaona filiji, anaona seva yonyowa. Kenako anandiitanira pambali.

"Mwanangu, zonse ndaziona," anatero motsitsa mawu. "Koma wamuyalutsa mwana wanga pamaso pa makasitomala. Simungagwirenso ntchito malo amodzi."

"Ndiye achoke ndi ine, bambo?"

Anangoyang'ana pansi.

Seva yonyowa ija ndinaitsegula, ndinaipukuta, n'kuisiya iume. M'mawa mwake inayaka, ngakhale zogulitsa za masiku amene inazulidwa munalibe. Masitolo anayambanso kugulitsa. Ndinachita zimenezo chifukwa cha chimanga cha anthu, osati chifukwa cha banja lija. Nditamaliza ndinaika makiyi a kachipinda pa kauntala. Mwana wa abwana uja anawakankha ndi chala mpaka anagwa pansi, n'kundiyang'ana ngati nditola. Ndinawadumpha n'kutuluka.

Ntchito ina ndinakaipeza m'tauni. Bambo aja anamwalira, ndipo masitolo onse akuyendetsa ndi mwana wawo uja. Ndikapita kukaona mayi anga, feteleza wawo ndimakagula kutsidya kwa msewu, ngakhale amadulirapo. Chaka chatha tinakumana pa maliro ku Mpingu. Anapereka moni kwa onse amene ndinakhala nawo, atafika pa ine n'kubweza dzanja. Langa linali kale m'chitenje.