Chaka Chimene Anyani Anatsika M'phiri

Ndinakwatiwa kufupi ndi Champiti, m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri, zipani zambiri zitangoyamba kumene. Amuna anga anali ndi mbuzi zambiri ndithu, koma khola lake linali la timitengo ndi mapesi, loti ngakhale galu ankangodutsa.

M'phirimo munali nyalugwe. Sitinkamuona, tinkangopeza mapazi ake kudambo. Atagwira mbuzi za mabanja angapo, kunabwera anthu a boma oona za nyama zakutchire. Tinasonkhana pansi pa mitengo ya mango kutchalitchi, iwo n'kutilangiza kuti timange makola am'mwamba, a mitengo yolimba ndi denga. Mmodzi wa iwo anati nyalugweyo tisamuphe, chifukwa ndi amene amaopseza anyani.

Amuna anga anaimirira. "Bwana, makolo athu ankavala chikopa cha nyama imeneyi povina ngoma. Lero ife tiziithawa?"

Anthu anaseka, ena kuwomba m'manja. Ine ndinangoweramira pansi, chifukwa ndinkadziwa kuti amuna angawo sanagwirepo mkondo kupatula wa kugule.

Pasanapite nthawi nyalugwe anagwira tonde wathu, n'kusiya theka lake pathanthwe. Nditaona amuna anga akutenga tameki, mankhwala aja ophera makoswe, ndinawapempha kuti, "Bambo a mwana, bwanji tingomanga kholalo?"

"Za ziweto zisiyireni ine," anatero, n'kupita kukathira mankhwalawo pa theka la tonde lija.

Nyalugweyo anamupeza kumtsinje atafa, thovu kukamwa. Anali wamkazi, mawere odzaza mkaka. Anamunyamula pamtengo akuimba, amuna anga ali patsogolo chifuwa chili tu, ngati analimbana naye maso ndi maso. Amayi am'mudzimo ankalulutira. Ine sindinalulutire nawo. Ana a nyamayo palibe anawafunafuna.

Dzinja lotsatira, chimanga chitangoyamba kukhwima, anyani anatsika m'phiri mwaunyinji umene ngakhale akuluakulu anati sanauonepo. Ankathyola chimanga masana dzuwa likuswa mtengo, kukumba mbatatesi, osaopa n'komwe munthu wamkazi. Amayi tonse tinayamba kuswera kuminda, kumenya zitini mpaka mawu kutha.

Munda woyandikana ndi wathu unali wa mayi wina wamasiye. Tsiku lina ndinamupeza atakhala pamzere, mapesi ali lambalamba, munda wonse utapita. Sanakalipe. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Mukawathokoze abambo kunyumbako."

Ndinasowa poponya maso. Mawuwo ndinakawatula momwe analili. Amuna anga chakudya anangochigwiragwira.

Titakolola zochepa zimene zinatsala, ndinasenza dengu la chimanga kupita nalo kwa mayiyo, ndipo ndinadzera kuseri kwa nyumba kuti anthu asandione. Analandira. Amuna anga anamanga khola lam'mwamba chilimwe chomwecho, okhaokha, osaitana aliyense. Kwa zaka zingapo, kutchalitchi ndinkakhala pabenchi lakumbuyo kwenikweni.