Batire la Pansi pa Bedi

Atate ankayendetsa thirakitala ya boma yotchetcha udzu m'mbali mwa misewu ya ku Kabulonga ndi ku Woodlands, kwa anthu a mipanda italiitali. Ife tinkakhala ku Kabwata, m'nyumba ya zipinda ziwiri, ya kuntchito kwawo. Ntchito ikatha, nyumbanso yatha. Mawu amenewa tinkawamva tsiku ndi tsiku ngati pemphero la pachakudya.

Chaka chimene ndinatomeredwa, dayinamo ya thirakitalayo inafa. Ndi kachipangizo kobwezera moto m'batire injini ikamalira, ndipo popanda iko batire limangotha ngati ndowa yobooka. Atate akakafunsa ina kuofesi, yankho linali lomwelomwelo: zitsulo zili m'njira. Masiku amenewo chilichonse chinali m'njira, sopo, shuga, mafuta ophikira, ndipo wodandaula mokweza ankafunsidwa khadi la chipani. Ndiye akapitawo anapeza nzeru yawo. Batire lizichotsedwa poweruka, atate azikalitchajitsa kwa makaniko wina wa pafupi ndi kwathu, m'mawa azibwerera nalo. Makanikoyo anakana kugona ndi katundu wa boma, choncho linkagona kwathu. Likasowa, atate ntchito yatha.

Chimbatire chakuda chija, Ambuye inu! Chinali ndi mng'alu pakona, womatidwa ndi phula. Atate ankachimangirira kumbuyo kwa njinga, n'kumapalasa pang'onopang'ono ngati anyamula wodwala. Pamitu pake, pomanga mawaya, pankamera ufa wobiriwira umene unkadya chitsulo. Iwo ankautsuka ndi madzi otentha ndi soda ya amayi yophikira therere, kenako n'kupakapo girisi. Therere tinasiya kudya, soda yonse inali ya batire. Ovolosi yawo inali mabowo okhaokha chifukwa cha asidi wa m'batiremo, ndipo khungu la m'manja linkasendeka.

Ine mtima wanga wonse unali pa diresi la ukwati. Nsalu yake ndinaipeza nditaima pamzere m'tawuni kuyambira mbandakucha, amayi ena akundiponda mapazi. Ndinalisoka ndekha pa makina a kutchalitchi, mikono yaitali, timabatani ta kumsana tokutidwa ndi nsalu yomweyo. Sindinali ndi china chilichonse chokongola pa dziko lapansi. Ndinalipinda bwino m'sutikesi ya katoni n'kuilowetsa pansi pa bedi la makolo, chifukwa kwathu chinthu cha mtengo chinkakhala kumeneko. Chipinda chathu anafe chinkadontha, komanso tiazing'ono tanga tinali ndi manja osamva.

Batire nalonso linali chinthu cha mtengo. Linalowa pansi pa bedi lomwelo.

"Atate ake, chinthu ichi chichoke kuno," amayi anatero. "Chikununkha, ndiponso pali diresi la mwana."

"Ndichiike kuti? Panja?" atate anayankha. "Akaba, mukagona m'diresimo?"

Anaika thabwa pakati pa batire ndi sutikesi, nkhani n'kuthera pomwepo. Thabwa! Ngati kuti asidi amaopa thabwa.

Lamlungu lomaliza ukwati usanachitike, titabwera kutchalitchi, ndinakoka sutikesi kuti ndiyesenso diresi. Sutikesi inabwera, pansi pake panatsala. Phula lija linali litamatuka ndi mabampu a mumsewu, asidi n'kumakwawa mwakachetechete pasimenti. Ndinatsegula sutikesi n'kutambasula diresi. Linali lathunthu. Panali chabe banga lachikasu pachifuwa ndi lina m'chiuno. Ndinayamika Mulungu, chitsiru ine! Sindinkadziwa kuti nsalu yodyedwa ndi asidi imanamiza maso, imadikira madzi.

Ndinatenga kasopo kamene ndinkabisa, ndinanyika diresi m'beseni, ndinafikisa pang'ono. Zala zanga zinangopyola. Poti ndilinyamule, linayoyoka ngati nyuzipepala yonyowa, mkono uku, kolala uko, timabatani tija tikuyandama. Ndinakuwa mpaka oyandikana nafe anatuluka, poganiza kuti kwagwa maliro.

Atate anabwera chothamanga. Anayang'ana m'beseni, anayang'ana chidutswa cha sutikesi, nkhope inasintha, n'kulowa kuchipinda msangamsanga. Ndinawatsatira. Ndinkayesa akukachinyamula chinthu chija kuti akachiponye kudzala. Ndinawapeza atagwada, atalitulutsa batire, akutsegula zivundikiro zake chimodzichimodzi, kusuzumira m'kati.

"Asidi watsika kwambiri," anatero, osatembenuka. "Mawa sililiza injini ili. Amake, soda yatsalako?"

Ndinakwatiwa m'diresi lobwereka la msuweni wanga, lalifupi, lomangidwa ndi mapini kumsana. Pachithunzi ndaima ngati mlendo wa paukwati wa wina. Pasanapite nthawi thirakitala ija inaphulika tayala, tayala nalo linali m'njira, ndipo inaima pabwalo la kuntchito mpaka udzu unamera m'mawilo. Batire linatayidwa kuseri kwa garaja. Palibe anafunsa za ilo, ngakhale akapitawo.

Anthu amandiuza kuti ndizimvetsa, atate ankateteza denga lathu. Ndimamvetsa. Ndinkamvetsa ngakhale tsiku lomwelo, ndipo ndi chimene chimandipweteka kwambiri, chifukwa ndinalibe womukalipira. Amene anawagwaditsa pamaso pa chimbatire chobooka anali kwawo ku Kabulonga, akumwa tiyi pa kapinga amene atate anatchetcha.

Komabe ndinali mwana wawo. Ndinaima pakhomo la chipinda chija, madzi akudontha m'zigongono, nsanza zoyera zitamatirira ku zala, kudikira kuti andiyang'ane n'kunena kuti pepa mwanawe. Atate anakalamba, anapuma pantchito, anamwalira ndikuwasamalira ine ndemwe, osalitchulapo diresi lija ngakhale kamodzi.