Kompyuta ya Pakona Sinasunge Kanthu

Nchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha kwaya. Nditatsiliza giledi 12, ndinkapita kukataipa nyimbo za kwaya yathu pa shopu ya intaneti ya aTembo, pafupi ndi msika wa Petauke. Tsiku lina anaima kumbuyo kwanga, kuona mmene zala zinkayendela pa kiyibodi, n'kunena kuti, "Iwe Misozi, mailo ubwele m'mawa uyambe kundithandiza."

M'shopumo munali makompyuta anayi, pulinta, sikana ndi makina a fotokope. Lamulo lalikulu la aTembo linali lakuti kasitomala asanakhale pansi, ndidine mabatani a Ctrl, Shift ndi N pamodzi kuti patseguke windo lakuda la inkoginito. Akanyamuka, ndilitseke. "Anthu amaiwala kutuluka mu imelo," anatelo. "Windo ili ukalitseka, pasiwedi ndi masamba onse amene munthu anatsegula zimapita nalo."

Aphunzitsi ankalikonda poona za malipilo awo. Anyamata obetcha mpila nawonso. Azibambo ena ankanong'ona kuti, "Ndiikile ija yobisa," n'kupotozela sikilini kukhoma. Ambili ankayesa kuti likuwabisa kwa dziko lonse. Ndinkawauza kuti limangofufuta pa kompyuta yathuyi basi, a kampani ya intaneti amaona ndithu, koma sankasamala.

Panali mtsikana wina wa ku Kalindawalo, msinkhu wanga, dzina lake Tisa. Ankabwela pa njinga, kukhala pa kompyuta ya pakona, kumalembelana ndi munthu amene anamulonjeza nchito ya mu hotela kunja kwa dziko. Chithunzi chake chotumiza kumeneko ndinasikana ndine. "Ndikakhazikika ndidzakuitana," ankandiuza. Atasiya kubwela, ndinati zamuyendela.

Patapita masabata angapo, masana ena kunalowa mayi wachikulile, fumbi mpaka m'mawondo.

"Ndiwe Misozi? Ine ndine mayi wake wa Tisa. Chikwelele basi yopita ku nchito ija, foni yake sikulila. Anzake akuti zonse ankachitila pano. Ndionetse munthu amene anamuitana, mwanangu."

Ndinawapatsa mpando, n'kukhala pa kompyuta ija. Ndinadina Ctrl ndi H kuti ndione masamba amene anatsegulidwapo. Munali a aTembo okha, ofufuza mitengo ya inki. Ndinatsegula foda ya zinthu zokopedwa pa intaneti, popeza zimenezo inkoginito siifufuta. Munalibe chake. Ndinayesa imelo yake, koma pasiwedi sindinkaidziwa, ndipo nambala yotsegulila inkatumizidwa ku foni yomwe inali yozimayo. Dzina la munthu uja sanandiuzepo. Ngakhale la hotela.

ATembo anabwela, nayesa njila zawo, kenaka anachotsa dzanja pa mausi.

"Amai, makinawa sanasunge kanthu."

"Koma ankakhala pampando uwu?"

"Inde, amai."

"Ankalemba apa?"

"Inde."

"Nanga zimene ankalembazo zapita kuti?"

Mayiyo anagwila m'mbali mwa sikilini, kusuzumila kuseli kwake, n'kundiyang'ana. Sanakalipe. Ine ndikadakonda akadakalipa.

Chimene ndinapeza chinali chithunzi chija, mu foda ya sikana. Ndinachipulinta pa pepala lolimba, Tisa atavala bulauzi yoyela, akumwetulila. Mayiyo anachikulunga m'nsonga ya chitenje, ndipo aTembo anawapelekeza kupolisi. Apolisi anabwela, anaiona kompyutayo, anafunsa mafunso, n'kunena kuti afufuza. Mpaka lelo sitinamve kanthu.

Windo lija ndimalitsegulabe kwa aliyense, chifukwa zinsinsi za munthu si za wobwela pambuyo pake. Koma ndinaphunzila kuti limafufuta mosasankha, zamanyazi ndi zopulumutsa moyo zomwe. Ndikaona munthu akulembelana ndi mlendo womulonjeza nchito, sindimulola kutseka asanatumize dzina ndi nambala ya mlendoyo kwa m'bale wake. Ena amandinena kuti ndimalowelela za eni. Ndimangovomela.

Amake Tisa akabwela kudzagulitsa nshawa ku msika, amadutsila pa shopu. Salowa. Amaima pakhomo, kuyang'ana pakona paja.

"Palibe chatuluka, mwanangu?"

"Palibe, amai."

Amagwedeza mutu, n'kukankha njinga yawo.