Ndinkasunga masiku a Biji

Ndinaganiza zopita ku England tsiku limene ndinatuma mayi woyembekezera kuti akadzigulire yekha magolovesi, chifukwa pakachipatala kamene ndinkagwirapo ntchito, kufupi ndi Luchenza, anali atatha. Apo n'kuti nditagwira unamwino zaka zisanu ndi zinayi. Nditafika kunyumba ndinauza makolo anga ndi mng'ono wanga Tadala, amene anali atangolemba kumene mayeso a Fomu 4. Bambo anali atayamba kudwaladwala, amayi maso akuchita nkhungu. Ndinati, "Zaka ziwiri basi. Tadala ayambe waona pakhomo pano." Bambo anavomera. Tadala anangopitiriza kusenda nandolo.

Ndinakhalako zaka zisanu ndi chimodzi.

Ku Leicester sindinakhale namwino ayi. Kampani imene inandipezera viza inanditumiza ku Evington, dera lina la mumzindamo, kuti ndizikagona m'nyumba ya mayi wina wokalamba n'kumawasamalira. Viza yanga inali yomangirira ku kampaniyo. Ukasiya ntchito, ankakupatsa masiku owerengeka oti upeze wina wokulemba, apo ayi uzipita kwanu. Choncho ndinaphunzira kuyankha kuti "chabwino" pa chilichonse.

Mayiwo anali a chipembedzo cha Asikhi, ochokera ku Punjab, ku India. Ana awo ankawatcha Biji, nanenso ndinatengera pomwepo. Anali ofa mbali imodzi, ndipo maso awo ankangoona kuwala kwa pawindo. Dzina langa loti Chisomo linkawavuta, ankangoti Somo. Tsiku loyamba mwana wawo wamwamuna, a Gurdeep, anandionetsa mankhwala ndi makina onyamulira wodwala, kenako anatsomphola kabuku kamene kanali pa msomali kukhitchini.

"Aka timati jantri, kalendala yathu," anatero. "Mukaiwala piritsi amayi akukhululukirani. Mukaiwala tsiku la umu, ine ndiye sindidzakhalapo."

Ndinaseka, poyesa kuti n'zocheza.

M'kabukumo munali masiku amene sindinkadziwa kuti anthu amasunga. Munali Sangrand, tsiku loyamba la mwezi wawo, limene limagwa pakati pa mwezi wathu. Munali Puranmashi, mwezi ukakhala wathunthu kumwamba, ndi Masya, ukalowa mumdima. Munalinso masiku okumbukira kubadwa ndi kumwalira kwa aphunzitsi awo khumi, amene amawatcha Guru, ndi masiku a anthu amene anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Pa Sangrand ndinkawasambitsa m'mutu, kuwaveka zoyera, kuwafunditsa mpango, ine n'kufundanso wanga, kenako n'kutsegula foni kuti amve zowerenga za ku gurdwara, nyumba yawo yopemphereramo. Dzina la mwezi watsopano likatchulidwa ankalibwereza pansipansi. A Gurdeep akaweruka ankabweretsa parshad, chakudya chotsekemera cha ufa wa tirigu, batala ndi shuga, ndipo Biji ankaonetsetsa kuti nanenso ndalandira ndi manja awiri.

Vuto linali lakuti makalendala analipo awiri, ndipo pa masiku ena sankagwirizana. Kumene ankapemphera a Gurdeep ankatsata ina, kumene ankapemphera mlongo wawo, a Manjit a ku Derby, ankatsata inzake. Nthawi zina ankasiyana ndi tsiku limodzi, nthawi zina ndi milungu. A Manjit ankaimba: "Mwawauza amayi kuti ndi lero? Si lero!" Ndikangoika foni pansi, a Gurdeep: "Musamumvere ameneyo." Ndinagula zolembera ziwiri, chofiira ndi chabuluu, n'kumalemba masiku onse awiri. Biji ankasunga onse. Ankati kuli bwino kukumbukira kawiri.

Ulendo umodzi wokha ndinaphonya Sangrand. Ndinali ndi chimfine, masiku anandisokonekera. Biji anadziwa mawa lake pamene mnzawo anawaimbira. Sanandikalipire. Anangotembenukira kukhoma, phala osadya, tiyi osamwa, tsiku lonse. A Manjit anakadandaula ku kampani, ndipo bwana wanga anandiimbira. "Chisomo, ukudziwa kuti anthu ofuna malo akowo alipo ambiri?" Ndinati chabwino. Kuyambira pamenepo ndinkadzuka ndi kabukuko m'mutu, ndipo ndikatuluka kukataya zinyalala ndinkayang'ana kumwamba kuti ndione pamene mwezi wafika, ngakhale kuti nthawi zambiri kunkangokhala mitambo.

Patsiku ndinali ndi maola awiri opuma. Sankakwana kupita kutali. Ndinkayenda mpaka pokwerera basi, kuyang'ana mabasi opita m'tauni, n'kubwerera. Mnzanga Agnes, namwino wa pachipatala chachikulu, ankanditumizira mauthenga Lamlungu: "Iwe, lero ku tchalitchi tinali ndi zitumbuwa. Ungorizaina basi, uisiye ntchitoyo, umoyo wanji umenewo?" Iye viza yake inali ina. Kunyumba ndinkatumiza ndalama mwezi ndi mwezi, pamodzi ndi zithunzi zimene ndinkajambula nditaima pa geti ya anthu ena ya maluwa okongola. Koma Tadala yekha ndinkamuuza zoona. Ndinkamuimbira n'kumalira kuti, "Mng'ono wanga, kuno ndili m'ndende." Iye ankangoti, "Pepani achemwali, limbani mtima."

Pa Vaisakhi, chikondwerero chawo chachikulu cha mu Epulo, Asikhi amayenda m'misewu ya mzinda ndi ng'oma ndi mbendera. Ine sindinazionepo ndi maso. Ndinkakankhira mpando wa Biji pawindo, kutsegula, n'kuwaikira pamiyendo foni yoonetsa chikondwererocho. Iwo ankandifunsa kuti, "Somo, afika pati?" Ine n'kumawafotokozera zimene ndikuona pa kagalasi ka foni, tonse tili m'chipinda chimodzi chonunkha mafuta opaka miyendo.

Kumapeto kwa Disembala, pamene mzinda wonse unali pa Khirisimasi, m'nyumba mwathu munkakhala zii. Biji anandifotokozera kuti masiku amenewo amakumbukira ana a Guru wachikhumi. Awiri aang'ono anatsekeredwa pamodzi ndi agogo awo aakazi m'nsanja yozizira, kenako adani awo anawamangira m'khoma ali moyo chifukwa anakana kusiya chipembedzo chawo. Anati kwawo anthu ena amagona pansi sabata imeneyo, ndipo iwo sanaphonyepo mpaka pamene anadwala.

"Unditsitse pansi, Somo."

"Biji, malamulo a kampani salola. Ndipo ndikakutsitsani sindingathe kukudzutsani."

Anatembenuzira nkhope kwa ine n'kunena kuti, "Ndiye ugone ndiwe."

Ndinagona pansi sabata yonse, pafupi ndi bedi lawo, ine Mkhristu wobatizidwa. Poyamba ndinachita chifukwa choopa foni ya bwana. Pofika tsiku lachitatu ndinkangoganiza za ana aja.

M'chaka changa chachitatu, mu Januwale, Tadala anaimba m'mawa ndikuwadyetsa Biji phala. "Achemwali, bambo atisiya." Ndinaimbira bwana. Anati pepa, koma wolowa m'malo mwanga angapezeke pakatha milungu iwiri, ndipo ndikachoka popanda chilolezo ndidziwiretu chimene chichitike. Maliro anaikidwa mawa lake. Ndinaonera pa foni nditakhala pansi kukhitchini, netiweki ikudukaduka, nyimbo zikumveka pamodzi ndi mvula. Bokosi likutsika, chithunzi chinaima.

Kabelu kamene Biji ankandiitanira kanalira. Ndinapukuta m'maso n'kupita, koma anamva mawu anga.

"Somo, ndani?"

"Bambo anga."

"Anapita liti?"

"Dzulo."

"Tenga jantri. Ulembe dzina lawo pa dzulo, pa mwezi wathu wa Magh."

Ndikulemba, anandiuza zimene sanandiuzepo. Atangofika ku Leicester ali mtsikana, ankagwira ntchito m'fakitale yoluka masokosi. Amayi awo anamwalira ku Punjab, kalata inafika patatha milungu itatu, ndipo wolembayo sanaikemo tsiku. Anafunsa abale onse, aliyense ankatchula lake. "Mpaka lero sindidziwa kuti ndiziwalira liti," anatero. Anandigwira dzanja ndi dzanja lawo lamoyo lija. Chaka chilichonse kuchokera pamenepo, jantri yatsopano ikabwera, chinthu choyamba ankati ndikopere dzina la bambo. Tsikulo likafika ankatuma a Gurdeep kuti abweretse parshad, n'kundiuza kuti ndiimbe nyimbo ya kwathu.

Biji anamwalira m'chaka changa chachisanu ndi chimodzi. Kampani inati ilibe nyumba ina yoti inditumize. Agnes anayesa kundifunira malo, koma ine mphamvu zinali zitatha. Ndinagula tikiti.

Ndinafika kwathu nthawi ya mvula, patatsala masiku anayi kuti tsiku la bambo likwane. Nyumba inali ya malata atsopano. Amayi anali asakuonanso, anandizindikira pondisisita kumaso. Tadala anali ataonda, manja atakhakhala, ndipo ankayenda mofulumira ngati mmene ndinkayendera ine kabelu kakalira.

Tsikulo nditanena kuti tipemphere pokumbukira bambo, anthu anayang'anana. Amalume anati, "Kodi inali Januwale? Ine ndimayesa Febuluwale." Amayi anati chimene akukumbukira n'chakuti chimanga chinali cha m'mawondo. Tinapemphera ndithu, koma mtima wanga unawawa. Masana, tikuchapa zofunda za amayi kuseri kwa nyumba, ndinamuuza Tadala kuti, "Mayi wachilendo, wosawadziwa n'komwe bambo, ankasunga tsiku limeneli. Inu eniake mwaliiwala."

Tadala anafinya bulangete mpaka madzi anatha, n'kuliyanika.

"Ine sindinaiwale, achemwali. Linali Lolemba. Chikwama changa chinali pakhomo paja, chomangamanga. Anali atanditenga ku koleji ya zauphunzitsi, ndimayenera kukayamba tsiku limenelo. Azakhali anali atavomera kudzakhala ndi bambo ndi amayi. Bambo atapita, azakhali anati sangathe kukhala ndi munthu wosaona okha."

"Bwanji sunandiuze?"

"Munkaimba mukulira kuti muli m'ndende. Ndikanayambira pati?"

Zaka zonsezo ndinkadziwa tsiku limene mwezi ulowe mumdima, tsiku limene ana a anthu ena anamangiridwa m'khoma kalekale, koma sindinamufunsepo mng'ono wanga kuti iye amatuluka liti pakhomo paja.

Anapitiriza osandiyang'ana. Anati mnzake wamupezera ntchito m'sitolo ku Limbe, ndipo azikaphunzira madzulo. Ankangodikira kuti ndifike. Loweruka anandionetsa mankhwala a amayi, mmene amakondera phala lawo, ndi chingwe chimene anamanga kuchokera pakhonde kukafika kuchimbudzi kuti azigwira poyenda. Lamlungu titachoka ku tchalitchi ndinamunyamulira chikwama mpaka pamsewu. Minibasi itaima anandikumbatira mwachangu, n'kulowa. Anakhala pawindo la mbali inayo.

Ndikulowa pakhomo ndinamva amayi akuitana ali m'nyumba. "Tadala! Iwe Tadala, madzi akumwa!"

Ndinatenga kapu pa thandala, n'kutunga.

"Ndabwera, amayi," ndinatero. "Ndine Chisomo."