Sabata Imene Zipewa Zinafupika

A Sizasi akhala akumeta anthu kwa zaka makumi atatu m'kachipinda kamodzi komweko, pakati pa sitolo ya mankhwala ndi shedi yokonzera njinga. Muli mpando wozungulira umene unasiya kuzungulira kalekale, galasi long'aluka pakona, benchi ya odikira, ndi misomali itatu kukhoma yokolekapo zipewa. Pansi pa galasi pamakhala dengu la singano zolukira ndi mipukutu ya ulusi. Malemu akazi awo ndiwo anawaphunzitsa kuluka chaka chimene anathyoka mwendo, pofuna kuti asiye kudandaula pabedi. Mwendo unapola, mayi anatsogola, koma singano sizinachoke m'manja. Amuna anzawo anawaseka mpaka nyengo yozizira inafika, ndiye oseka omwewo anayamba kufunsa chamunsimunsi ngati ulusi watsalako.

Ulusi wa m'sitolo a Sizasi amaunyoza, amati ndi pulasitiki wovala jekete. Wawo amagula kwa mayi wina wa kuseri kwa msika, amene amanyika yekha ubweya wa nkhosa m'miphika iwiri yakale. Amathiramo makoko a anyezi, njere za mapeyala, masamba, ngakhale misomali ya dzimbiri. Vuto la mayiyu ndi limodzi: sayeza kanthu, amangotapa ndi dzanja. Mtundu umene watuluka lero, ukaukonda gula wonse, chifukwa sudzauonanso.

Chaka china mumphika munatuluka ulusi wobiriwira mozama ngati tsamba la mango lokhwima, wokhala ndi timadontho tachikasu apa ndi apo. A Sizasi anatenga mipukutu yonse isanu ndi umodzi. Itatu analukira zipewa: cha aphunzitsi a kusekondale, cha wokonza njinga woyandikana naye uja, ndi cha mlamu wawo, mchimwene wa malemu. Itatu yotsalayo anaitsekera m'dirowa, osadziwa akusungira chiyani.

Anadzadziwa pamene mzime wawo, namwino, anapeza ntchito kudziko lakutali kumene amati madzi amauma m'mipope chifukwa cha kuzizira. A Sizasi nkhaniyo inawapweteka, ndipo mmalo monena kuti ikuwapweteka, anauza mwanayo kuti apite, nyumba sigwa chifukwa chochoka munthu mmodzi. Mawu aja atatuluka sanabwezeke. Kwa masabata atatu bambo ndi mwana ankadya patebulo limodzi, nkumangomveka supuni. Kupepesa a Sizasi sakudziwa, chibadwire. Anatsegula dirowa nkuyamba kuluka sikafu, akudziuza kuti ikangofika pakhosi pa mwanayo, mlandu watha.

Ulendo unali wa Loweruka m'mawa. Lolemba ulusi unatha. Sikafuyo inkazungulira khosi kamodzi nkuthera pachifuwa ngati mchira wa mbuzi.

Anathamangira kuseri kwa msika. Mayi wonyika ulusi anaseka mpaka kugwira mphika, nkunena kuti tsiku lija iye mwini sadziwa chinagwera m'madzi nchiyani. Anawatulutsira wobiriwira wina. A Sizasi atauyandikizitsa ku sikafu, unaoneka ngati mwana wa bambo wina, ndipo anaubweza. Anabwerera kometera mutu utaima.

Lachiwiri kunabwera aphunzitsi. Anapereka moni, anavula chipewa, nachikoleka pamsomali. A Sizasi anayang'ana chipewacho, anayang'ana dengu, ndipo satana anawanong'oneza. Padziko pano munthu amene aliyense amamuvulira chipewa mosakakamizidwa ndi wometa. Komanso iwo zipewa amaluka kuyambira pamwamba kutsika, choncho mfundo yomaliza imakhala m'mphepete, pafupi ndi khutu. Ukaimasula nkukoka, ulusi umabwera wokha.

Atatha kumeta, anauza aphunzitsi kuti khungu lawo lauma ndi choko, likufunika thaulo lotentha kumaso, maso otseka, osayankhula. Aphunzitsi anagonjera. Kumbuyo kwawo zala za a Sizasi zinagwira ntchito: mizere isanu ndi itatu inachoka, ulusi unalowa m'thumba, mphepete inatsekedwanso bwinobwino. Thaulo linasinthidwa katatu. Aphunzitsi anadzuka nkhope ili see ngati ya khanda, akuyamika kuti sanasamalidwepo chonchi. Koma atavala chipewa, makutu anatsala panja.

"Chafupika bwanji ichi?"

"Si chipewa, aphunzitsi. Anthu owerenga kwambiri mutu umakulabe mpaka ukalamba."

Aphunzitsi anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali, nkuvomereza kuti nawonso akhala akumva choncho masiku ano. Anatuluka akuyenda mosamala.

Lachitatu inali nthawi ya wokonza njinga, amene anali atametedwa sabata yatha yomweyi. A Sizasi anaima pakhomo pa shedi, anapendeketsa mutu, anatsonya, nkunena kuti mbali ina anaisiya yokhota, ndipo munthu woyandikana naye sangamayende chonchi kuwachititsa manyazi. Anamukokera pampando, thaulo kumaso. Chipewa chake chitafupika, a Sizasi anamuuza kuti ubweya wa nkhosa ukamva girisi umakwinyika. Iye anapepesa, nalonjeza kuti azisamba m'manja asanachigwire.

Ulusi womasula umakhala wopotanapotana, ndiye ankauwongola pa nthunzi ya ketulo yomwe ija ya mathaulo, nkuluka pakati pa kasitomala ndi kasitomala. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ankadzitonthoza motero, ngakhale eni zalazo sanafunsidwe. Pofika Lachinayi masana sikafu inali itatalika, koma inkaperewerabe chikhatho chimodzi ndi theka kuti izungulire kawiri.

Chinatsala ndi chipewa cha mlamu, ndipo apa mpamene panali ntchito. Mlamuyo ndi wadazi, kometera alibe nako chochita, ndipo chipewa savula ngakhale pakudya. A Sizasi anamutumira uthenga kuti abwere adzamukonze ndevu, asakachititse manyazi banja kudepoti. Anabwera Lachisanu, nakhala pampando chipewa chili kumutu. Anamuuza kuti ndevu zigweramo, iye anati ndevu sizigwera kumwamba. Anamuuza kuti kukutentha, iye anati akumva bwino. Thaulo analikana.

"Alamu," anatero akuwayang'ana kudzera pagalasi, "dzulo ndakumana ndi aphunzitsi, makutu ali pamtunda. Kenako wanjinga, makutu ali pamtunda. Onse akuchokera kuno. Inu mwayamba kumeta zipewa?"

A Sizasi anasowa poyika maso. Anatola chipeso, anachiyikanso pansi, kenako anawerama nkutulutsa sikafu m'dengu. Mlamu anaiyala pamiyendo, anayeza ndi chikhatho, osafunsa kuti ndi ya ndani. Anavula chipewa, dazi nkuwala m'chipinda monse, nawaponyera.

"Masulani chonse. Koma mwanayo mumuuze ndi pakamwa, sikafu siyankhula."

Iwo anayankha kuti yawoyo iyankhula, nkuyamba kukoka ulusi. Manyazi anali nawo, koma anamasula chonse.

Loweruka m'mawa kudepoti kunali kamphepo kolasa. Mlamu, pokhala munthu wosasunga nkhani, anafika ndi aphunzitsi ndi wanjinga, awiri makutu ali panja, iye mutu uli mbee. Mzime anali atayimirira pafupi ndi basi ndi masutikesi awiri, akuyang'ana kwina. A Sizasi anamupatsa kathumba ka pepala, nkunena kuti kumeneko akuti kumazizira.

Mzime anatulutsa sikafu ija, anaizunguliza pakhosi kawiri, nsonga nkufika m'chiuno. Kenako anaikweza pamphuno. Inkanunkhira sipiriti wometera, mafuta a tsitsi, ndi girisi pang'ono. Anayang'ana sikafu, anayang'ana mitu itatu ija, ndipo anayamba kuseka, kuseka kwake kwa mayi ake kwenikweni, mpaka misozi inatsika ndipo sinalinso ya kuseka.

"Bambo, ulusi wa eni ake uwu."

"Ndinangobwereka."

"Ndiye ndiyenera kudzabweza. Tchuthi choyamba ndibwera nayo, muwalukirenso makutu awo."

Chimene a Sizasi ankaopa masabata onse aja nchakuti mwanayo akapita, wapitiratu. Atamva kuti tchuthi choyamba, anagwira sutikesi ngati akufuna kuinyamula. Aphunzitsi anafunsa mlamu chapansipansi ngati ndiye kuti mutu wawo sunakule, mlamu nkuwayankha kuti zimenezo akambirana basi ikanyamuka.

Kondakitala anaitana okwera. Mlamu anawagunda a Sizasi ndi chigongono kuti nenani tsopano. Iwo anatsegula pakamwa, koma pepani uja sanatuluke. Anakonza sikafu pakhosi pa mwana wawo, ngakhale inali bwinobwino.

"Usamachape ndi madzi otentha, isuluka."

"Ndamva, bambo," anatero mzime, atawagwira dzanja lija lokonza sikafu, ndipo sanalisiye mpaka dalaivala analiza hutala kachiwiri.